Mwana ‘wovuta’ uja nayenso angagwire ntchito

Funsani wamalonda aliyense mu Limbe, pa Tsoka ku Lilongwe kapena ku Zigwagwa mumzinda wa Mzuzu chifukwa chimene adachotsera ntchito mnyamata wake womaliza. Tikapatula nkhani za kuba, ndi owerengeka amene angakuuzeni kuti mnyamatayo ntchito sankaidziwa. Ambiri adzati ankachedwa, ankayankha mwamwano, ankangonyamuka osatsanzika, kapena kuti ukangomudzudzula pang’ono basi wanyanyala, waponya katoni pansi, wapita. Kunena mosapsatira, anthu ambiri ntchito imawathera chifukwa cha khalidwe, manja ali bwinobwino.

Tsono ngati zili chonchi kwa mnyamata wina aliyense, kuli bwanji kwa mwana amene ubongo wake udapangidwa mosiyana ndi wa anzake? Ndikunena ana aja achipatala amati ali ndi autism, amene kucheza ndi kumvana ndi anthu kumawavuta, phokoso limawapweteka m’makutu, ndipo zinthu zikasintha mwadzidzidzi amabalalika. Ndikunena ana a ADHD, amene pampando pamawawotcha, maganizo amangouluka, ndipo amachita kaye chinthu kuganiza pambuyo. Ndikunenanso a dyslexia, amene nzeru ali nazo ndithu koma zilembo zimawazunguza mutu. Masiku ano onsewa akumawatchula ndi liwu limodzi la Chingerezi loti neurodivergent, kutanthauza kuti ubongo wawo uli ndi kayendedwe kakekake.

Ife kuno tili ndi maina athu amene timawapatsa: wovuta, wamakani, wozerezeka, mbuli, kape. Ena amati adalodzedwa. Ndipo bambo ake akakhala ndi golosale yoyenda bwino, mphekesera siichedwa, ati adamukhwimira mwanayo kuti malonda aziyenda. Amalonda inu mukudziwa chimene ndikunena, poti alipo ena mwa inu amene amatsekera mwana m’nyumba poopa pakamwa pa anthu. Chonsecho bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidanena m’chaka cha 2023 kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi autism. Ana amenewa akubadwa ku Denmark, ku Japan ndi ku Dedza komwe. Kodi makolo onsewo ngokhwima?

Ine chimene chimandidetsa nkhawa ndi mawa la mwanayo. Makolo sakhala mpaka muyaya. Tsiku limafika loti mwana uja ali ndi ndevu, amayi amene ankamumvetsa adatsikira kuli chete, ndipo achibale ayamba kukankhirana. Ngakhale ku Britain, kumene kuli zipatala ndi sukulu zapadera zambirimbiri, ofesi ya boma yosonkhanitsa ziwerengero idalengeza m’chaka cha 2021 kuti mwa akuluakulu 100 alionse a autism, 22 okha ndi amene adali pantchito. Ngati kuli choncho kumeneko, nanga kuno kumene ngakhale wa digiri akuyenda ndi envulopu mpaka nsapato kutha, tiyembekezere zotani?

Mfundo yanga lero ndi imodzi. Khalidwe la pantchito limaphunzitsidwa monga momwe timaphunzitsira masamu, ndipo poyambira pake ndi kusukulu. Kudikira kuti mwana wotere afike zaka 20 ndiye timuponye pamsika akadzionere yekha, nkumulakwira. Akulu adati m’mera mpoyamba.

Khalidwe ndi uthenga

M’chaka cha 1985 akatswiri awiri a ku America, Edward Carr ndi Mark Durand, adasindikiza zimene adapeza atagwira ntchito ndi ana anayi amene ankamenya anthu, kudzigwetsa pansi ndi kudzipweteka okha m’kalasi. M’malo mofunsa kuti ana amenewa tiwalange bwanji, iwo adafunsa kuti kodi zimenezi zimachitika nthawi iti. Adapeza kuti ena ankayamba chipwirikiti ntchito ikawakulira, ena mphunzitsi akaleka kuwalabadira. Tsono adawaphunzitsa timawu tochepa chabe. Amene yamukulira ntchito anene kuti sakumvetsa, amene akufuna kulabadiridwa afunse ngati akuchita bwino. Anawo ataona kuti mawu akuwabweretsera chimene kale ankachifuna ndi zibakera, chipwirikiti chidatsika kwambiri.

Phunziro lake nlakuti khalidwe lovuta nthawi zambiri ndi uthenga wa munthu amene alibe njira ina youperekera. Akatswiri a zimenezi amati kawirikawiri mwana amakhala akufuna chimodzi mwa zinthu zinayi. Mwina akuthawa chinthu chimene chamukulira. Mwina akufuna wina amuyang’ane. Mwina pali chinthu chimene akufuna kuti achigwire kapena achidye. Mwinanso akungofuna kuziziritsa thupi lake, poti phokoso, kutentha kapena kuthithikana kwamusowetsa mtendere.

Tiyerekeze mnyamata wa Sitandade 6 amene zilembo zimamuzunguza. Aphunzitsi akangoti, “Tsegulani mabuku, tiwerenge mokweza mmodzimmodzi,” iye amatsina mnzake. Mnzakeyo akuwa, kalasi iseka, aphunzitsi apsa mtima. “Iwe, tuluka! Ukatchetche kuseri kwa ofesi!” Mnyamata atuluka ndi chikwakwa. Tsono ndikufunseni awerengi, wapambana ndani apa? Mwanayo wapeza chimene amafuna. Wathawa manyazi owerenga mojejema pamaso pa anzake 90. Chibalo chija kwa iye chasanduka mphoto, ndipo mawa adzatsinanso.

Aphunzitsi aja, mosadziwa, amuphunzitsa mwanayo phunziro limene sadzaliiwala: zikakuvuta, yambitsa ndewu, akumasula. Phunziro limeneli akabwereza nalo zaka zisanu, adzapita nalo ku galaja ya ku Biwi kapena kwa kalipentala wa ku Mchesi. Kusiyana kwake nkwakuti kumeneko kulibe chibalo. Kuli mawu awiri okha: “Usabwerenso mawa.” Pamapepala chikwapu ncholetsedwa m’sukulu zathu, koma ngakhale kumene chikadalipo, chimangomuuza mwana chimene sayenera kuchita. Sichimuuza choti achite m’malo mwake.

Njira inayo siifuna makina. Imafuna kope ndi cholembera. Kwa masabata awiri, nthawi iliyonse mwana akasokoneza, mphunzitsi alembe mayankho a mafunso atatu. Chidachitika nchiyani asanayambe? Adachita chiyani kwenikweni? Nanga chidatsatira nchiyani? Osalemba kuti “adachita mwano” ayi, koma kuti “adang’amba pepala atauzidwa kuti akopere za pabolodi.” Pakutha pa masabata awiriwo mzere umaoneka wokha. Mwina zimachitika nthawi ya kuwerenga yokha. Mwina ndi pambuyo pa buleki. Mwina ndi tsiku limene wabwera ndi njala, kapena limene amukhazika pafupi ndi zenera loyang’ana kuchigayo.

Mukadziwa chimene akufuna, mumamupatsa njira yaulemu yochipezera. Amene satha kulankhula bwino akhoza kukweza kakhadi kolembedwa kuti “ndithandizeni” kapena “ndipume kaye.” Chinsinsi chake nchakuti njira yatsopanoyo igwire ntchito mwamsanga kuposa yakale. Akakweza khadi aphunzitsi nkumunyalanyaza, koma akatsina mnzake nkumutulutsa pompo, mwanayo si chitsiru, adzasankha kutsina.

Ku University of Oregon, Rob Horner ndi George Sugai adatenga maganizo amenewa nkuwakulitsa kuti akwanire sukulu yonse. Njirayo imadziwika ndi zilembo zoti PBIS, ndipo pofika 2018 idali m’sukulu zoposa 25,000 za ku America. Ili ndi masitepe atatu. Poyamba sukulu imasankha malamulo ochepa, atatu kapena asanu, nkuwaphunzitsa kwa ana onse pamalo penipeni, kuti ulemu umaoneka bwanji pamzere, m’kalasi ndi kubwalo, kenako nkumayamikira amene awatsata. Amayembekeza kuti ana 80 mwa 100 alionse zimenezi zimawakwanira. Ena 15 amafunika chithandizo choonjezera m’timagulu. Otsala 5 amafunika dongosolo lawolawo, lochokera m’kope lija ndanenali.

Pa sitepe yachiwiriyo pali kachitidwe kamene ndikufuna amalonda mukamvetse. M’mawa mwana amakaonekera kwa munthu wamkulu mmodzi amene amamukhulupirira, nkulandira khadi la zolinga za tsikulo. Likatha phunziro lililonse mphunzitsi amachonga. Poweruka amabwerera kwa wamkulu uja kukaona kuti zayenda bwanji, khadilo nkupita nalo kwa makolo. Taonani bwino. Kuonekera m’mawa, kumva chochita, kugwira, kupereka lipoti madzulo. Kodi pantchito sitichita zomwezo? Mwana amene wazolowera zimenezi kuyambira Sitandade 5 sadzadabwa bwana akadzamufunsa kuti wagulitsa zingati lero. Nchifukwa chake lamulo la ku America la maphunziro a ana olumala, monga momwe adalikonzera mu 2004, limati mwana akamafika zaka 16 dongosolo lake la kusukulu likhale litanena kale za moyo wake akadzamaliza, ntchito ili momwemo.

Koma pano ndichenjeze. Cholinga si kumuumba mwana kuti afanane ndi anzake. Akuluakulu ambiri a autism adandaulapo kuti ali ana ankakakamizidwa kubisa chibadwa chawo mpaka kutopa nazo. Mwana akamakupiza manja kapena kudzigwedeza kuti mtima ukhale pansi, walakwira ndani? Azungu amalimbana ndi kuphunzitsa ana awo kuyang’ana munthu m’maso, pamene ife mwana woyang’ana pansi polankhula ndi akulu timati ngwaulemu. Ndiye funso likhale lakuti, kodi khalidweli likumupweteka iye, likupweteka ena, kapena likumutsekera khomo limene iye mwini akufuna kulowa? Ngati ayi, musiyeni. Ndipo nthawi zambiri choyenera kusintha si mwanayo koma malo: pokhala pake, phokoso, kapena kalankhulidwe kathu.

Ku Cincinnati ndi ku Richmond

Wina afunsa kuti kodi pali umboni woti zimenezi zimafikitsa munthu pantchito? Ulipo. M’chaka cha 1996, Erin Riehle, amene ankayang’anira gawo la odwala mwadzidzidzi pachipatala cha ana cha mumzinda wa Cincinnati ku America, adali ndi vuto limene wamalonda aliyense amalidziwa. Anthu olembedwa kuti azidzaza zipangizo m’makabati sankakhalitsa. Kuwaphunzitsa lero, mawa apita. Mayiyu adadzifunsa ngati achinyamata olumala ubongo sangagwire ntchito imeneyi, ndipo adagwirizana ndi Susie Rutkowski wa kusukulu ya ntchito zamanja ya Great Oaks. Pamenepo mpamene padabadwira Project SEARCH, imene pambuyo pake idafalikira m’madera ambiri a ku America mpaka kuwoloka nyanja kufika ku Britain.

Kayendetsedwe kake nkosavuta kumva. Chaka chomaliza cha sukulu, wophunzira sapita kusukulu. Kalasi yake imasamukira pamalo pantchito penipeni. M’mawa amakhala ndi mphunzitsi kanthawi kochepa, kenako amalowa m’gawo limene wapatsidwa, ndipo madzulo amakumananso kukambirana za tsikulo. Pachaka amazungulira magawo atatu, lililonse masabata 10 kapena kuposerapo pang’ono, kuti adziwe kumene dzanja lake lagona. Poyamba mlangizi amaima pambali pake. Pang’onopang’ono amayamba kutalikira, mpaka wophunzirayo atsala yekha ndi anzake a pantchito.

Akatswiri a pa Virginia Commonwealth University, motsogozedwa ndi Paul Wehman, adatenga njira imeneyi nkuiphatikiza ndi chithandizo cha khalidwe chija, ndipo adaiyesa pa achinyamata a autism a zaka 18 mpaka 21 m’zipatala za mumzinda wa Richmond ndi m’mbali mwake. Adachita maere. Ena adalowa m’dongosololi, ena adapitiriza sukulu yawo ya masiku onse. Zotsatira zoyamba zidatuluka m’chaka cha 2014. Mwa achinyamata 24 amene adalowa m’dongosololi, 21 adalembedwa ntchito ya malipiro. Mwa 16 amene adatsala kusukulu, adalembedwa mmodzi yekha. Atabwereza pa achinyamata 156, zotsatira za mu 2020 zidaonetsa kuti patatha chaka chimalizireni sukulu, 73 mwa 100 a m’dongosololi adali atapeza ntchito, pamene a gulu linalo adali 17 mwa 100.

Nanga ankawachita chiyani? Palibe jakisoni kapena mankhwala. Ntchito iliyonse, kaya kulongedza zida za kuthiyeta kaya kusanja mafayilo, ankaidula m’timasitepe nkuika pa zithunzi kapena pamndandanda woti wophunzira azichonga yekha. Moni, kupempha thandizo ndi kulandira chidzudzulo ankayeserera ngati sewero mpaka zitalowa. Wina akapsa mtima, ankabwerera ku mafunso atatu aja. Dziwani kuti ambiri mwa achinyamatawa sadali akatswiri a kompyuta amene timawaona m’mafilimu. Adali ana amene ena mwa iwo ankavuta ndithu, ofanana ndi amene ife timati palibe chawo.

Nanga kwathu kuno?

Ndikudziwa chimene mukunena mumtima. “Aaa, zimenezo nza Azungu. Ali ndi ndalama, mphunzitsi mmodzi ana atatu. Kuno mphunzitsi mmodzi ana 100, ena pansi pa mtengo.” Nzoona, ndipo sindikutsutsa. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m’chaka chimodzi, ndipo makalasi athu sadapumepo chiyambire. Zimene adachita ku Richmond sitingazikopere monga zilili. Koma tisiyanitse chimene chidali chodula ndi chimene sichidali chodula. Alangizi ambiri ndi odula. Kufunsa chifukwa usanalange, kudula ntchito m’timasitepe, ndi kuphunzitsa mwana pamalo penipeni pantchito, zimenezi sizifuna thandizo lochokera kunja.

Ndiponso sitikuyambira pa ziro. Koleji ya Montfort ku Nguludi m’boma la Chiradzulu yakhala ikusula aphunzitsi a ana a vuto la kuona, a vuto la kumva, ndi amene kuphunzira kumawavuta. M’sukulu zina muli ma resource centre amene aphunzitsi oterewa amagwiramo ntchito. Malamulo nawo alipo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha kulumala. Dziko lino lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2009, ndipo mu 2024 padabwera lamulo latsopano limene lidasintha MACOHA kukhala MACODA. Funso langa kwa akuluakulu a ku Unduna wa Maphunziro nlakuti, mwana akatuluka mu resource centre ali ndi zaka 17, mayeso a Sitandade 8 amukanika katatu, amalowera kuti? Ndani amamuperekeza?

Mphunzitsi wa ana 100 sangalembe kope la mwana aliyense, ndipo palibe akumupempha kutero. M’kalasi iliyonse aphunzitsi amawadziwa ana awiri kapena atatu amene maina awo amatchulidwa kakhumi pa tsiku. Ayambe ndi mmodzi. Khadi la m’mawa ndi madzulo lija lingathe kukhala chidutswa cha katoni, ndipo woliyang’anira akhoza kukhala wachiwiri kwa ahedi, mayi wa m’gulu la amayi la pasukulupo, ngakhale alonda ngati ndi amene mwanayo amawakonda. Nthawi imene aphunzitsi amataya pokuwa ndi pothamangitsa mwana yemweyo tsiku ndi tsiku ndi yochuluka kuposa mphindi zisanu za khadi.

Ntchito zoyeserera nazo zili pasukulu pomwepo. Kuimba belu pa nthawi yake. Kuwerenga mabuku potuluka mu ofesi ndi pobwerera. Kusanja makapu a phala. Kuthirira dimba la sukulu. Kuthandiza pa takishopu. Masiku ano ntchito zimenezi timapatsa ana anzeru ngati mphoto, kapena ana olakwa ngati chibalo. Bwanji osazipereka ngati phunziro, kwa mwana amene akuzifunitsitsa, nkumuuza momveka kuti imayamba nthawi yakuti, imatha chonchi, ndipo ukamaliza ukanene kwa akuti? Mwana wa ADHD amene sakhazikika, mukamutuma kukasiya choko ku Sitandade 3 pakati pa phunziro, mwamupatsa mpata woti thupi lipume, ndipo mwamuphunzitsa kutumikira.

Ine ndikadakhala ahedi, ndikadati mwana wotere asachoke pasukulu panga asanadziwe zinthu zisanu. Kufika nthawi yake. Kupempha thandizo zikamuvuta. Kumva mawu oti “walakwitsa, bwereza” osaphulika. Kudziwa chochita mtima ukayamba kutentha, monga kupempha mphindi zisanu zokakhala payekha. Ndi kunena kuti “ndamaliza, ndichitenso chiyani?” Zimenezi sizili pa mayeso a MANEB, koma ndi zimene bwana aliyense amachonga kuyambira tsiku loyamba.

Mbali ya amalonda

Tsopano ndibwere kwa inu eni ma okala, ma hadiweya, magalaja ndi mabenchi a kaunjika. Ku Cincinnati adagwiritsa ntchito chipatala chifukwa kumeneko ndi kumene kudali ntchito. Kuno ntchito zambiri zili m’manja mwanu. Ndipo pali chifukwa china chimene sukulu payokha singakwanire. Ana ambiri a autism zimawavuta kusamutsa chimene aphunzira pamalo ena nkukachigwiritsa ntchito pena. Akhoza kubweza chenji ya timapepala m’kalasi bwinobwino, koma pamsika, kasitomala ali chiimire, minibasi ikulira hutala, zonse zimauluka. Ayenera kuphunzira pomwepo, maola awiri pa sabata poyamba, kenako nkumaonjezera. Mutu umodzi susenza denga.

Mnzanga wina wa hadiweya adatenga mwana wa mlongo wake kuti azimuthandiza. Tsiku lina adandidandaulira. “Achimwene, mwana uyu mabauti ndi manati amawadziwa kuposa ine. Kumufunsa saizi iliyonse, akutulutsira osayang’ana kawiri. Koma kasitomala akangokweza mawu, basi watseka makutu, wathawira kuseri. Ndimubweze kwa amayi ake kodi?” Ndidamufunsa kuti nchifukwa chiyani adamuika pakauntala. Adati poti aliyense amayambira pamenepo. Atamusamutsira kusitolo yamkati kuti azisanja katundu ndi kuwerenga sitoko, nkumamuuziratu dzulo lake kuti mawa lole ibwera, nkhani yomubweza idathera pomwepo. Mwanayo sadasinthe kanthu. Adangomupezera malo ake.

Samalaninso ndi kalankhulidwe. Chichewa chathu nchozungulira, ndipo ambiri mwa ana amenewa amamva mawu monga momwe alili. Ife timati “ndikubwera” pamene tikupita. Timati “pompano” pamene tikunena maola atatu. Mukamuuza kuti “thamangira kudepoti,” athamangadi mpaka kugwa ndi mazira. Mukati “uziponya diso pa sitolo,” musadabwe akaima chilili osagulitsa kanthu. Nenani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. “Tenga mathileyi asanu. Ika mazira 30 mu thileyi iliyonse. Ukamaliza undiitane.” Ngati muli ndi foni, jambulani shelefu yosanjidwa bwino kuti aziyang’anirapo. Mudzaona kuti ngakhale anyamata anu enawo ayamba kulakwitsa pang’ono.

Koma pali msampha umene ndiyenera kuutchula. Tonse tawaonapo anyamata otere pamsika akusenza matumba tsiku lonse, malipiro ake mbale ya nsima ndi kuwaseka. Uku si kuthandiza, ndi kudyera munthu masuku pamutu. Lamulo la za ntchito la m’chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo limaletsa kusala wantchito chifukwa cha kulumala. Nthawi yophunzira ikhale ndi poyambira ndi pothera, makolo ndi ahedi akudziwa. Ikatha, ngati akugwira ntchito yofanana ndi ya mnzake, alandire zofanana ndi mnzakeyo. Atsikana afunika kuwateteza mwapadera, poti mwana amene satha kufotokoza bwino ndiye amene zilombo za anthu zimamulondalonda. A TEVETA, amene akhala akuyang’anira maphunziro a ntchito zamanja chikhazikitsidwire mu 1999, akuyenera kuwaphunzitsa amisiri awo za ana oterewa, osangoti za macheka ndi masipanala.

Nanu ophunzira muli ndi mbali. Inu ndi amene mumadziwa chimene chimachitika aphunzitsi akatembenukira kubolodi. Mumadziwa amene amamuputa dala mnzanu uja kuti aphulike kalasi iseke. Nthawi zambiri funso loyamba lija, loti chidachitika nchiyani asanayambe, yankho lake ndi inu. Mnzanu mmodzi wokhala naye pafupi, womuuza motsitsa mawu kuti “tsopano tikusintha phunziro, tulutsa kope la masamu,” akhoza kuchita zimene chibalo cha teremu yonse chidalephera. Ndipo inu amene mukuganiza zopita ku koleji ya uphunzitsi, dziwani kuti ana amenewa mudzawapeza m’kalasi iliyonse, kaya mudaphunzira za iwo kaya ayi.

Pempho langa ndi laling’ono. Teremu ikubwerayi, ahedi a sukulu iliyonse ya m’tauni asankhe ana awiri okulirapo amene aliyense adawataya kale. Aitane makolo awo, afunse anawo chimene amakonda, kenako ayende wapansi kupita pamsika wapafupi kukagogoda kwa telala, wowotcherera kapena mayi wa lesitilanti. Amalonda inu, akafika aphunzitsi amenewo musawabweze ndi mawu oti malonda avuta. Apatseni mpando, mumve kaye. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.